Bolodi ya Malemu Mpulula

Sendezani chikuni icho, moto ukufa. Ndamva kuti ena mwa inu mwandinena masana aja nditakana kusunga tivi ya anamfedwa. Mipando ndalandira, tebulo ndalandira, ngakhale kabati ya magalasi ija ili kwanga pano, koma tivi ayi. Nenani kuti telala wakalamba ndipo wayamba nkhanza, palibe kanthu. Poti usiku wa pamaliro ndi wautali ndipo tiyi sanabwere, ndikuuzani zimene ndinaona ku Luchenza, mukatero mundiweruze bwino.

Masiku amenewo ndinkasoka pakhonde la nyumba za mdadada kuseri kwa njanji. Khomo loyamba linali langa, lachiwiri la mlongo wanga Eneless ndi mwamuna wake Bizwick Namakhwa, lachitatu la Lackson Mpulula ndi mkazi wake Filesi. Makoma ake anali opyapyala, oti mnzako akayetsemula kwake, iwe kwako umati pepani.

Mlamu wanga Bizwick anali wofatsa mpaka kukwiyitsa. Nkhuku ya Khirisimasi ankabwera nayo kwa ine kuti ndimuphere, iye n'kutembenukira kukhoma. Mkazi wake sanamutchulepo kuti iwe, nthawi zonse ankati inu amayi. Nthenda yake inali imodzi yokha, kumasula zinthu. Sanaphunzire kulikonse. Akaweruka kuchigayo kumene ankagwira ntchito, ankaima kumsika kuonerera anyamata okonza mawailesi, kenako n'kubwera kunyumba akudziona ngati katswiri. Tivi yawo inali yachikale ija ya linunda kumbuyo, ndipo inafa mphezi itawomba mawaya nyengo ya mvula. Anakana kupita nayo kwa amisiri. Anaitsegula yekha patebulo, matumbo onse pamtunda ngati mbuzi yosendedwa, n'kumawotcha msomali wautali pambaula kuti azisungunulira mtovu pamawaya. Mlongo wanga ankadyera pansi chifukwa tebulo linasanduka chipatala, ndipo ine ndinkamupatsa moni mlamuyo kuti mwadzuka bwanji adokotala, wodwala wagona bwanji.

Vuto analipeza, pamenepo ndimuyamikire. Chimene chinapsa ndi bolodi, kambale kobiriwira kaja kamene kamakhala m'kati, kodzaza tizitsulo ndi timawaya. Anafunafuna ina mpaka ku Limbe koma sanaipeze. Ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti kuseri kwa khoma lake kunali tivi ya mtundu womwewo, yamoyo, ikulira tsiku ndi tsiku.

Mwini wake anali Lackson, wopha mbuzi kumsika. Iyeyu anafa kale, ndipo akufa sanenedwa zoipa, koma ameneyu ndimunena. Anali chilombo. Filesi ankamenyedwa chifukwa cha mchere, chifukwa cha moni, chifukwa choti kunja kwatentha. Ankhoswe anayenda mpaka nsapato zinatha, ndipo ine ndinataya dzino ili tsiku lina ndikulanditsa. Tivi yake sankalola munthu kuikhudza. Tsiku lina Filesi anaipukuta ndi kansalu konyowa. Lackson anamugwira dzanja, analiika pafelemu n'kumenyetsa chitseko. Tinamva tonse mafupa akulira, ndipo zala ziwiri zinapola zili zokhota.

Akulu amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo Lackson zinamuchitikira ndendende. Anakaputa anthu olakwika kumowa dzuwa likuswa mtengo, wina n'kumudzera kumbuyo. Amene anakamutola anati nkhongo inali itagawika pawiri. Sindinalire, ndisakunamizeni.

Monga mwachita leromu, tinatulutsa katundu wa pabalaza kuti mtembo ndi amayi apeze malo. Mipando inabwera kwa ine. Tivi, poti ndi yolemera, anangoilowetsa khomo loyandikana, kwa Bizwick. Nthawi yopita kumanda mlamu wanga anati m'mimba mwamuvuta, n'kutsala. Titabwerako, ndikusamba m'manja pakhomo, ndinamva fungo la mtovu wosungunuka. Mtima unandiuza kuti mlamuyo wachitapo kanthu.

Bizwick anandiululira yekha patapita masiku, akumwetulira ngati wapha njovu. Anachotsa bolodi ya malemu n'kuika mu tivi yake, yake yopsa ija n'kuika mwa malemu, n'kutseka bwinobwino, ndipo ya malemuyo inabwerera kwa Filesi. Anati wangobwereka, ndipo Filesi sangadziwe chifukwa tivi imeneyo amaiopa kuposa njoka. Ndinamukalipira. Mwana aliyense amadziwa kuti katundu wa munthu wakufa sakhudzidwa abale ake asanabwere kudzasudzula wamasiye, nanji munthu wofa ndi magazi. Iye anangoseka, amvekere chitsulo chilibe mzimu alamu, bwerani mudzaonere mpira.

Ndinapitadi, ndipo chithunzi chinali chowala bwino kuposa kale. Koma m'nyumbamo munkanunkha mafuta a mbuzi, fungo lija la pamalo ophera nyama dzuwa likakwera. Eneless anakolopa, anafukiza, anatsegula mawindo, koma fungo linkachokera m'timabowo ta kumbuyo kwa tiviyo. Ntchentche zobiriwira zinayamba kuunjikana pamenepo. Galu wa pamdadada, amene ankagona pakhomo lililonse, anayamba kulambalala khomo lachiwiri, mchira uli pakati pa miyendo.

Kenako mipeni inayamba kusowa. Mlongo wanga akasiya mpeni m'dengu la ndiwo, akatembenuka palibe. Ankakaupeza pamwamba pa tivi, utagonekedwa bwino, kumaso kwake kutaloza kukhomo. Anaganiza kuti ndi mwamuna wake, mwamuna wake anaganiza kuti ndi iye. Sizasi yanga yaikulu yodulira nsalu, imene sinkachoka pamakina, nayonso ndinakaipeza pomwepo. Poitenga ndinatsamira linunda la tiviyo ndi dzanja. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, koma linali lofunda ngati msana wa munthu.

Eneless ndiye anandiuza za kupuma. Anati ukatsitsa mawu mpaka kutheratu, anthu a pagalasi aja akungoyasamula milomo, m'sipika mumamveka wina akupuma ndi mphuno, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudikira kuti ulakwitse. Ndinamuuza kuti ndi mphemvu. Ndinanena choncho chifukwa ndinali ndi mantha.

Tsiku lina chakumasana, ndikulimbana ndi kulowetsa ulusi pasingano, munthu anaima pakhonde panga n'kunditchingira kuwala. Sanapereke moni. Anafunsa ndi mawu apansipansi kuti katundu wa m'nyumba yamaliro ija anasungitsidwa kuti. Maso anga anali pasingano, ndiye ndinangoloza ndi mlomo khomo lachiwiri, poganiza kuti ndi mmodzi wa abale a malemu. Fungo ndi limene linandidzutsa mutu. Munthuyo anali atafika kale pakhomo la Bizwick, atandipatsa msana. Anavala jekete lalitali kunja kukutentha chotero, ndi chipewa, ndipo kumbuyo chipewacho chinali chobonyokera m'kati, ntchentche zili ng'waa. Sanagogode. Singano inandibaya chala, ndinayang'ana pansi, ndipo pobweza maso panalibe munthu, chitseko chili chitsekere.

Kuyambira tsiku limenelo mlamu wanga anayamba kusintha. Ankakhala pampando atatangadza miyendo, chigongono pabondo, makhalidwe amene tonse tinkawadziwa. Nkhuku ya mlongo wanga inalowa m'nyumba n'kujompha waya wa tivi. Bizwick, yemwe uja woopa magazi, anaigwira n'kuizula mutu ndi manja, n'kuiponya panja ikuphupha. Anapukutira manja pamalaya n'kuitana mkazi wake.

"Iwe, tola icho."

Eneless anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo anamuwawa kuposa zonse zimene zinatsatira. Ndipo zinatsatiradi. Poyamba mbama, kenako zibakera, kenako lamba. M'mawa ankadzuka ali Bizwick weniweni, n'kumafunsa mkazi wake kuti diso latupa ndi chiyani, akauzidwa n'kulira ngati mwana. Akangokhala pafupi ndi tiviyo kanthawi, nkhope inkauma, khosi n'kufupika. Ndinkaona mlongo wanga, amene ndinamubereka kumsana ali wakhanda, akutha ngati sopo, ndipo ndinadziwa kuti zikapitirira tidzamuika.

Chitseko tinachimva Loweruka lina madzulo. Eneless anangodutsa pafupi ndi tivi atanyamula madzi, kadontho n'kugwera pagalasi. Kunamveka kukokana, kenako chitseko kumenyetsedwa, kenako kulira kumene sindikufuna kukumvanso. Filesi anali atakhala pakhomo pake ndi duku lake lakuda. Anagwira zala zake zokhota zija n'kusanza pomwepo. Atapukuta pakamwa anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti ameneyo si Bizwick.

Ndinamutenga Eneless kukamangitsa dzanja, n'kumugoneka kwanga. M'mawa ndinapita kwa mlamu wanga ndi mawu okoma, poti nthawi imeneyo amakhala ali yekha m'thupi mwake. Anavomera kuti achotse bolodiyo. Anayatsa mbaula, anawotcha msomali mpaka kufiira, anatsegula kumbuyo. Koma mtovu umene anauika yekha unakana kusungunuka. Msomali unkangozirala ngati wauviika m'madzi. Anatenga sikuludiraiva kuti akanganule, ndipo ndinaona ndi maso anga dzanja lake lamanja likutembenuka lokha n'kubaya lamanzere, chitsulo n'kutulukira kuseri. Sanalire. Anachizula pang'onopang'ono, anandiyang'ana ndi maso a munthu wina, n'kundifunsa ngati ndikufuna kutaya dzino lina. Bizwick za dzino langa sankazidziwa bwino, kunalibe tsikulo.

Madzulo ake anathyola chitseko changa ndi phewa n'kumukoka Eneless ndi tsitsi kubwerera naye kwawo. Amuna a pamdadada tinamuunjikira, koma kamunthu kochepa ngati kameneko kanatimwaza ngati mankhusu.

Ndinapita kwa Filesi n'kugwada, ine munthu wamkulu. Ndinamufotokozera za bolodi, n'kumupempha kuti alole tinyamule tivi ya Bizwick yonse tikaiike kwake, poti mwini wake akufuna chake. Anandimvetsera mpaka kumaliza.

"Achimwene, zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti munthu ameneyu atuluke m'nyumba muno. Watuluka. Pano ndimagona tulo. Musandibwezere."

Sindinamuone kulakwa. Ndikutuluka anandiuza kuti abale a malemu akubwera kudzamusudzula, ndipo mkulu wawo Wyson watumiza kale mawu kuti tivi ndi yake.

Anabweradi Lamlungu lotsatira, Wyson, mng'ono wake, amalume awo ndi akazi angapo. Wyson anali munthu wanthabwala, wamimba, wosafanana ndi malemu. Mkazi wake anali mtsikana wamanyazi, khanda lili kumbuyo, ndipo anatipatsa moni tonse atagwada. Mwambo usanathe n'komwe Wyson analumikiza tivi ya malemu kuti aione. Sinayake. Anaimenya pambali, anasintha soketi, koma zii. Anayamba kumufunsa Filesi mwaukali kuti waichita chiyani. Posakhalitsa magetsi anazima tauni yonse.

Nthawi yomweyo mlongo wanga anali atatopa. Anaona kuti Bizwick wapita kuseri kukasamba, n'kutenga munsi ndi dzanja lake lamoyo lija kuti aphwanye galasi la tivi yawo. Anandiuza kuti atautukula, mu galasi lozima lija munali nthunzi, ngati munthu wapumirapo, koma kuchokera m'kati. Anazengereza kamphindi kokha. Munsi unagwidwa kumbuyo.

Ine ndinamva tebulo likugwa. Ndinanyamula simbi yanga ya makala, moto uli momwemo, n'kuthamanga. Ndinapeza Bizwick ali ndi thovu la sopo m'mutu, atamugwetsa Eneless chafufumimba, bondo lili pamsana. Anali atazula waya wa tivi n'kumukulunga nawo pakhosi, akukoka ndi manja onse, bala la m'dzanja lija likuchucha. Miyendo ya mlongo wanga inkapalasa pansi. Ndinamudinda Bizwick simbi paphewa mpaka khungu linalira, fungo la nyama yopsa n'kudzaza nyumba, koma sanatembenuke n'komwe. Ndinamumenya nayo m'mutu. Pamenepo anasiya dzanja limodzi, anandigwira pakhosi n'kundiponyera kukhoma. Nthiti zinathyoka, makala anamwazika, ndipo ndinagona pamenepo ndikuona maso a Eneless akutuzuka, lilime likutuluka, ine osatha ngakhale kukuwa.

Kuseri kwa khoma Filesi ankamva zonse, ndipo ankadziwa kuti phokoso lotere limathera pati. Ndinamumva akulankhula mokweza, koyamba chikhalire naye pamdadada.

"Alamu, tivi ya abale anu siinafe. Zam'kati mwake anaba ndi aneba awa, anaika mu yawo. Ngati mukuifuna, kaitengeni pompano."

Analowa ngati njati, Wyson patsogolo. Sanabwere kudzapulumutsa munthu, anabwera kudzatenga katundu, koma kuti afike patebulo anayenera kudutsa pa Bizwick. Mng'ono wa Wyson anamumenya Bizwick ndi mpando pamsana mpaka mpando unasweka. Bizwick anasiya waya n'kuimirira. Anamugwira mnyamatayo kumaso n'kumuwombetsa mutu pafelemu, mano n'kugwa pansi ngati chimanga. Amalume analumidwa khutu mpaka kuduka. Kenako Bizwick anatembenukira kwa Wyson n'kumuitana ndi dzina lina lake, dzina lachipongwe la paubwana, limene ife a ku Luchenza sitinalimvepo. Wyson anauma. Mng'ono wake, magazi ali chuchuchu, anakwawira panja n'kuthawa, ndipo sanabwererenso ngakhale kudzatenga njinga yake.

Koma dyera ndi lolimba kuposa mantha. Wyson anatola munsi uja n'kumumenya Bizwick m'mawondo, kenako m'nthiti, kenako paliponse. Anthu a pamsewu analowa ndi njerwa. Bizwick anagwa, anadzuka, anagwanso, akukwawira kutebulo, akubangula ngati mbuzi yodulidwa pakhosi mosamaliza. Amuna awiri anamukhalira pamsana, Wyson n'kukumbatira tivi. Ankayenda nayo movutika ngati wanyamula thumba la simenti lonyowa, ndipo inkaoneka ngati ikumukokera m'mbuyo. Itangodutsa pakhomo, Bizwick anangoti lefuu. Amene anamukhalira aja anadzuka okha. Anatsegula diso limodzi limene linatsala lotseguka, anaona mkazi wake ali kwala pansi, n'kuyamba kufunsa ndi mawu ake akale kuti amayi, amayi, ndani wakuchitani zimenezi.

Filesi ndiye anamasula waya pakhosi pa Eneless n'kumuthira madzi. Anatsokomola, anasanza magazi, anapuma. Ine ndinalira pamenepo ngati mwana, sindichita nazo manyazi.

Panja Wyson anali atayambiranso kuseka, akupukuta thukuta, akuuza anthu mmene waphunzitsira mbava. Anaitana mkazi wake. Mtsikana uja anapinda nsalu kukhala nkhata, anagwada, ndipo Wyson anamusenzetsa tivi pamutu, khanda lili kumbuyo. Anatsanzika mwaulemu, ngakhale kwa ife amene tinali m'magazi, n'kuyamba ulendo wa kokwerera minibasi. Ntchentche zija zinanyamuka pakhoma n'kuwatsata.

Eneless anali atakwawira pakhonde. Atamuona mtsikanayo, anagwira mzati n'kudzikoka kuti aimirire. Mawu anali atatha, koma anatukula dzanja lake lomangidwa lija, anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kumuitana kuti aitule, asapite nayo kwawo. Filesi anamugwira paphewa.

"Achemwali, mukamuuza, aisiya pompano. Ikagona pamdadada uno, mawa tikuikani ndinu. Sankhani."

Mlongo wanga anaima choncho pakamwa pali yasa, mzere wa waya uli pakhosi. Anthu aja anali asanafike patali, akanakuwa pang'ono chabe akanamva. Tinawaona akuwoloka njanji. Mtsikanayo anapunthwa pamwala, tivi n'kupendama pang'ono, iye n'kuigwirira msanga. Wyson anasiya kuseka. Anaima, khosi litafupika, n'kumuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenako anamumenya chibakera m'nthiti, pambali penipeni pa mwendo wa khanda. Mtsikanayo sanagwe ndipo sanaigwetse. Anangotembenuka kuyang'ana mwamuna wake modabwa, ngati munthu amene sanamenyedwepo.

Eneless anatseka pakamwa. Anawayang'ana mpaka anakhota kuseri kwa sitolo, kenako analowa m'nyumba, anatenga beseni n'kuyamba kutsuka mabala a mwamuna wake ndi dzanja limodzi. Ali moyo mpaka lero, ndipo Bizwick sanamukwezerenso mawu ngakhale kamodzi. Koma tsiku limenelo, akufinya kansalu m'madzi ofiira aja, misozi ikugwera m'beseni, anandifunsa monong'ona ngati ndinamva dzina la mtsikana uja. Ndinati sindinalimve. Anafunsa Filesi, nayenso anati sakulidziwa.